Mawa la Atelala

3 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga, mzime wa amayi,

Moni. Ine ndili bwino, kaya iwe kutauniko? Ndikufunsa mwaulemu chabe, chifukwa ukanakhala munthu woyankha foni bwenzi ndikudziwa kale. Lolemba ndinaimba kanayi, Lachiwiri kasanu. Yankho lako ndikulidziwa, uti foni imatsala m'kabati ukalowa m'chipinda cha opaleshoni. Kodi umagona momwemo? Ndiye ndabwerera ku pepala ngati anthu akale. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya m'mawa aja, akusiyira pageti pa chipatala chanu.

Nkhani ndi iyi: amayi akana opaleshoni. Pepala lija unatumiza, lakuti abwere kwanuko akawachotse chotupa cha m'mimba, ndinawawerengera kawiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndisiyeni, ana inu." Ndinati amayi, adokotala akuti chikadali chaching'ono, chikhoza kuchoka. Anati, "Ndamva." Basi nkhani n'kuthera pomwepo, iwo n'kunyamuka kupita kuchipinda chosokera cha malemu bambo.

Masiku ano ndi kumene akukhala. Ndikamapita ku saluni m'mawa ndimawasiya pa mpando wa bambo, ndikabwera madzulo ndimawapeza pomwepo, tiyi atazizira m'kapu. Makina osokera aja akuwapukuta tsiku ndi tsiku, kuthira mafuta ngati kwabwera oda ya mayunifolomu a sukulu yonse. Chonsecho munthu sadziwa n'kulowetsa komwe ulusi pa singano! Papita zaka zitatu chimwalirireni bambo, koma choko chawo chili pomwe anachisiya, tepi yoyezera ili pa msomali, ngati kuti alowa nthawi ina iliyonse n'kuuza kasitomala kuti "bwerani mawa" monga mwa chizolowezi chawo. Ukangokhudza kanthu m'menemo, uona.

Ine ndaganiza, ndapemphera, ndipo ndikuona kuti ndamvetsa. Amayi awasowa bambo. Zaka makumi anayi ndi ziwiri m'nyumba imodzi si masewera. Mtima wawo unatsogola kale, akungodikira kuitanidwa. Anzawo akukwaya amabwera Lachinayi lililonse kudzawaimbira nyimbo za kumwamba, ndipo amayi amangotsinzina, misozi ili chuchuchu. Ukanawaona ukanadziwa kuti munthuyu wakonzeka. Nanga ife ndife yani kuti tiwagwire mwendo munthu akupita kwabwino?

Usandikalipire. Ndikungokuuza zomwe ndikuona ndi maso anga, ine amene ndimawachapira ndi kuwaphikira. Yankha msanga, ndipo usandiyankhe "mawa", magazi a telala iwe.

Ndine,
Chemwali wako


9 Meyi

Achemwali,

Moni wanu ndalandira. Ndili moyo, koma zoti ndili bwino sindinganene, kalata yanu yandidwalitsa mutu.

"Akupita kwabwino." Achemwali, mukudziwa kuti tsiku la opaleshoni limapezeka bwanji kuno? Anthu amadikira miyezi isanu, ena amatsamira mkono dzina likadali pa mndandanda. Ine ndayenda pambuyo pa adokotala aakulu sabata ziwiri ngati kamwana ka nkhuku, kuwanyamulira chikwama, kuseka nthabwala zawo zosaseketsa, mpaka andipatsa pa 6 Juni. Lero mukuti ndikabweze chifukwa amayi akukwaya aimba bwino? Asa!

Amayi ali ndi zaka 64 zokha. Mtima wawo uli bwino, mapapo ali bwino, chotupacho chikhoza kutuluka m'maola awiri kapena atatu. Mukachisiya mpaka chaka chithe chidzagwira matumbo, ndipo pamenepo palibe mpeni ungathandize. Imfa yakenso si yotsinzina mokoma nyimbo zikuimbidwa ayi. Ndimaiona ine imeneyo, sindingaifunire ngakhale mdani wanga.

Amayi akukwayawo auzeni apume kaye. Akuimbira munthu wamoyo nyimbo zotsanzikana, inunso m'malo mowakokera kuno mukuwakankhira komweko.

Ngati amayi akukana chifukwa akuganiza kuti bambo akuwadikira kwinakwake atawasungira mpando, ndiye wina ayenera kuwauza zoona. Ndawalembera kalata yawoyawo, ili mu envulopu yomweyi. Muwawerengere yonse. Ndikuti yonse, achemwali, chifukwa ndikukudziwani, mumadumpha mizere ngati muja munkachitira powawerengera malipoti anu akusukulu.

Kubwera sindingathe panopa. Ogonetsa odwala tatsala awiri chipatala chonse, mmodzi akachoka ndiye kuti theka la maopaleshoni laima. Mundilembere mmene alandirira mawu anga.

Ndine mlongo wanu,
amene mumamutcha "a Dokotala" mukafuna kumunyoza


9 Meyi

Amayi okondedwa,

Ndikupereka moni mwaulemu. Ndamva kuti tiyi akumazizira m'kapu. Chonde muzidya.

Amayi, simunandifunsepo bwinobwino za ntchito yanga. Mumangouza anthu kuti mwana wanga ndi dokotala. Sindine dokotala, ine ndine wogonetsa anthu. Munthu akamachitidwa opaleshoni ndimakhala kumutu kwake, ndimamubaya mankhwala pa mkono n'kumuuza kuti awerenge kuyambira wani mpaka teni. Palibe amene anafikapo pa seveni. Maso amatembenuka, dzanja limagwa lende, munthu wazima ngati nyali. Adokotala amang'amba, amasoka, maola atatu kapena anayi, iye osamva kanthu.

Pa zaka khumi ndi chimodzi ndagonetsa anthu osawerengeka, abusa ndi mbava, ana ndi nkhalamba. Akadzuka ndimawafunsa kuti munali kuti? Ambiri amangondifunsanso kuti, "Kodi mwayamba?" Palibe kuwala, palibe wachibale amene anabwera kudzawachingamira. Ena mtima unachita kuima, ife n'kuubweza, koma nawonso anandiuza kuti sanaone kanthu. Timankhwala tosadzaza n'supuni komwe timafufuta munthu yense, dzina lake, ana ake, mapemphero ake. Ndiye ndimadzifunsa kuti ngati supuni imodzi ikutha kutero, nanga imfa?

Chimene ndikunena, amayi, n'chakuti uko mukuthamangirako kulibe munthu. Bambo sakukudikirani. Anatha tsiku lomwe lija, ndipo chimene chinatsala cha iwo ndi ife ana awo, ndi makina mukupukutawo. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi owawa, mwina mundida nawo. Bola mundide muli moyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, munkatiuza nokha. Moyo umene muli nawo m'manja ndi uno, musautaye chifukwa cha nyimbo.

Mubwere pa 4 Juni kuti akuyezeni kaye. Ndidzakuchingamirani pa depoti.

Ndine mwana wanu,
Mzime


25 Meyi

A Dokotala,

Moni. Kalata yanu yafika dzana itagona sabata ziwiri m'basi. Adalaivala akuti inagwera kuseri kwa mpando. Ikanangotsala komweko, makoswe akanatichitira chifundo.

Ndinaiwerenga ndili chiimire pa saluni, kasitomala mutu uli theka loluka theka losaluka. Ndinaiwaliratu za tsitsi lake mpaka mayiyo anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndi mlongo wanga, anaphunzira mpaka kupitirira.

Amayi sindinawawerengere ndipo sindiwawerengera. Ndawauza kuti wapereka moni ndipo wati azidya. Zimenezo zilimo, sindinaname. Zinazo ndapinda n'kubisa.

Iwe umaganiza kuti ukulembera amayi okha? Unaiwala kuti wowerenga wake ndine? Mwana wanga anamwalira ali ndi zaka zinayi, m'manja mwangamu, pa benchi tikudikira kuitanidwa. Kabokosi kake unanyamula ndiwe. Lero ukundiuza kuti anazima ngati nyali? Kuti mwana amene sanaponde n'sukulu komwe, gawo lake linali lomwelo, zaka zinayi ndi kutentha thupi basi? Ndiye chilungamo chili pati? Ine ndimadzuka m'mawa, ndimaluka tsitsi la ana a anzanga, ndimaseka nawo, chifukwa ndikudziwa kuti wanga ndidzamuona, ndipo ndidzamuluka katsitsi kaja kankangoyamba kugwirika. Ukandilanda zimenezo undipatsa chiyani? Supuni yakoyo?

Ndipo ndikuuze, a Dokotala, ngakhale ine sindinapite patali ndi sukulu. Anthu ako ogonawo sanafe. Munthu amene wafika pageti n'kubwerera sangakusimbire za kuchipinda.

Za tsiku la opaleshoni ndawakumbutsa katatu. Akuti, "Ndamva." Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ine sindingawamange chingwe n'kuwakweza basi ngati mbuzi. Ngati uli ndi mphamvu bwera udzawanyamule wekha, m'malo molalikira pa pepala uli kutali.

Ndine yemwe uja,
Chemwali wako


7 Juni

Achemwali,

Moni. Dzulo linali pa 6, mwina simunayang'ane kalendala.

Pa 4 ndinaima pa depoti kuyambira masana mpaka basi yomaliza, ndikusuzumira mayi aliyense wovala duku ngati wakuba. Ndinkadziwa kuti sabwera, koma ndinaimabe. Dzulo pa bedi la amayi panagona munthu wina, ndipo anamugonetsa ndine. Mayi wa msinkhu wawo, chotupa chakenso chimodzimodzi. Lero m'mawa wamwa tiyi ndipo akukalipira ana ake kuti sanamubweretsere chipeso. Ndinatuluka mu wodi muja mtima ukuwawa.

Adokotala aakulu anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. Ndagwadanso. Andipatsa pa 27 Juni, ndipo ati ukaphonyanso limeneli usadzandipatsenso moni.

Za mwana wanu ndalemba ndi kufufuta kanayi. Sindinaganize, achemwali. Maso anga anali pa amayi okha. Pepani. Kupepuka kwa kabokosi kaja ndimakumvabe m'manja mpaka lero, ndipo ndi tsiku lomwelo limene ine ndinasiya kupemphera. Inu munachoka kumanda kuja mutagwira chikhulupiriro ndi manja awiri, ine ndinachisiya komweko. Manda ake amodzi omwewo. Sindikudziwa kuti zimatheka bwanji.

Komabe kalata ija si yanu. Apatseni eniake. Mukuwasankhira zoti amve ngati ndi kamwana, pamene masiku akutha. Tatsala ndi sabata zitatu basi, ndipo chotupa sichidikira kuti ine ndi inu tigwirizane kaye za kumwamba.

Mlongo wanu


13 Juni

Mzime,

Lero moni palibe. Zomwe umafuna zachitika.

Kalata yako ndinaibisa m'kadirowa ka makina a bambo, pansi pa mabatani, poganiza kuti malo amene amayi salola munthu kukhudza nawonso satsekulamo. Uchitsiru wanga. Loweruka lapitali akufuna kansalu kopukutira mafuta anaipeza. Nditabwera ku ntchito ndinawapeza atavala magalasi a bambo aja, a mwendo umodzi womanga ndi ulusi, akulondola mzere ndi mzere ndi chala. Sanalire, sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kuti, "Iwe, kalata ya mwini umabisa?" 

Lamlungu kutchalitchi sanapite. Dzulo akukwaya anabwera, anawabwezera pakhomo, akuti mutu ukuwawa. Makina asiya kupukuta, awaphimba ndi nsalu ya bedi. Kudya akuchita kutompha ngati mbalame. Wakondwa? Kumwamba wawalanda, ndipo ku opaleshoni kwakoko sanakutchule n'komwe. Tataya zonse ziwiri, ndipo amene akuona zimenezi tsiku ndi tsiku ndine, iwe uli phee ndi mabotolo ako a mankhwala.

Akukwaya atachoka, amayi anandipempha pepala ndi cholembera n'kudzitsekera kosokera mpaka dzuwa kupendeka. Chimene analemba ndi chimenechi, mu envulopu yaing'onoyi. Amata selotepi mbali zonse zinayi ndipo ati ndikatsekula adziwa. Ndayesa kuunika padzuwa, sizikuoneka. Zaka zonsezi wowasamala ndine, koma chinsinsi chikupita kwa iwe amene wawalasa. Kaya.

Adalaivala ndawachenjeza kuti ikagweranso kuseri kwa mpando ndidzawameta mpala ndi manja angawa.

Chemwali wako


12 Juni

Mwana wanga mzime,

Moni. Ukhululuke zolemba zokhotakhota, papita zaka ndisanagwire cholembera, ndipo magalasiwa ndi a bambo ako.

Kalata yako ndawerenga katatu. Ana inu mwandikwiyitsa nonse awiri. Wina akunditumiza kumwamba, wina akunditsekera khomo la kumwambako, koma palibe amene anakhala pansi n'kundifunsa kuti amayi, mukukaniranji? Safunsa anadya phula.

Ndikuuze chimene sindinauzepo munthu. Bambo ako atatsala masiku awiri, ndinawafunsa kuti mukundisiya ndi yani. Anaseka, ukukudziwa kuseka kwawo kuja, n'kuti, "Usadandaule, ndikakafika ndidzakudziwitsa." Ndinati mudzandidziwitsa bwanji? Anati, "Ndidzapukusa gudumu la makina." Anamwalira masana dzuwa lili pamutu, ine nditawagwira dzanja. Ndinkayang'anitsitsa nkhope yawo kuti mwina ndionapo kanthu, kaya kumwetulira, kaya kuwala kumene anthu amasimba kuja. Anangosiya kupuma, ntchentche n'kutera pachipumi. Panja munthu wogulitsa matsache ankaitanira malonda.

Zaka zitatu ndakhala pa mpando uja. Chemwali wako akuti ndikulira maliro. Sindikulira, ndikudikira. Mafuta ndimathira kuti gudumu lisalimbe, munthu wopanda thupi angavutike kulipukusa. Seka ngati ukufuna. Gudumulo silinasunthepo ngakhale pang'ono. Anzanga akukwaya amalota amuna awo atavala zoyera, ine ngakhale kuwalota, ayi. Akamaimba ndimalira chifukwa cha nsanje, iwo ali nacho chimene ine chinandipulumuka.

Ndiye usaganize kuti ndikuthamangira kwa bambo ako. Ndikanakhala wotsimikiza kuti alipo, bwenzi nditabwera kalekale, chifukwa kufera pa tebulo lanulo kukanangokhala kukwera basi yopita kwa iwo. Ine ndikuopa, mwana wanga. Ndikuopa tulo tanuto. Ndikuopa kuti mukandizimitsa n'kulephera kundiyatsa, kukapezeka kulibe aliyense, kulibe ndi ine ndemwe. Bola chotupachi. Chikundipweteka, koma ndikumva kuti ndilipo, ndikuona dzuwa likulowa pa zenera.

Ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwina ndine wosapemphera bwino, n'chifukwa chake sindikuyankhidwa. Ndiye wabwera iwe wodziwa zinthu, ndi supuni yako, kudzandiuza kuti mantha anga ndi oona. Wati palibe anafikapo pa seveni. Tsopano ndikangokhala ndimapezeka ndikuwerenga, ndipo ndikafika pa sikisi mtima umagunda ngati ufuna kutuluka.

Chemwali wako usamuuze izi. Iye waimira mwendo umodzi, ndipo mwendowo ndi mwana wake uja. Kutchalitchi ndinkapita kuti asaone kuti mayi wake wagwedezeka.

Pa 27 sindibwera. Uwathokoze adokotala akowo.

Ndine mayi ako


17 Juni

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndawerengera m'chipinda chosinthira zovala, ndipo mnzanga anandipeza nditakhala pansi pa simenti. Ndine chitsiru, amayi. Ndinaona nyumba ikufuka utsi ine n'kuthirapo palafini.

Sindikunamizani kuti tsopano ndakhulupirira. Mungandigwire bodza, munkandigwira ndili mwana ndisanatsekule n'pakamwa pomwe. Koma ndinanena zoposa zimene ndikudziwa. Achemwali anandiuza kuti anthu anga ogona aja sanafe, ndipo akunena zoona, ngakhale musawauze kuti ndavomera. Ine ndimadziwa za tulo. Za imfa ndikudziwa chimodzimodzi ndi inu, nanenso ndimaima kunja kuno n'kumayang'ana nkhope.

Palinso zimene sindinalembe. Ndinakuuzani mmene munthu amazimira, koma sindinakuuzeni kuti nthawi yonseyo ine ndimakhala ndikutani. Sindichoka, amayi. Adokotala amayang'ana bala, ine ndimayang'ana munthu. Chala changa chimakhala pa mtsempha wake, ndimawerenga kupuma kulikonse, akalephera kupuma ndimamupumira ndi kathumba ka mpweya. Maola anayi osatuluka ngakhale kokataya madzi. Ndipo ndimalankhula nawo. Ndikudziwa kuti sakumva, koma ndimati, "Tatsala pang'ono, musapite patali." Anamwino amandiseka. Mukandifunsa kuti ndimauza yani, sindingakuyankheni.

Lamulo silindilola kugonetsa mayi wanga. Adzakugonetsani ndi mnzanga uja, amene manja ake ndimawakhulupirira kuposa anga. Koma ndapempha, ndipo andilola kukhala kumutu kwanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala simudzawerenga. Mudzandisimbire nkhani ija ya suti ya aphunzitsi, imene bambo ankati mawa, mawa, mpaka anaimaliza m'mawa wa ukwati mwiniwake ataima m'kabudula kosokera. Mumaisimba bwino ndipo ndaisowa.

Za kutsidyako sindingakulonjezeni kanthu. Sindingalonjezenso kuti opaleshoni ilibe zoopsa, zilipo, koma n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kuchisiya chotupacho. Chimene ndingalonjeze ndi ichi: simudzakhala nokha, ndipo mukatsekula maso mudzandipeza pomwepo.

Ndalemba chifukwa pamaso panu ndikhoza kuchita chibwibwi. Loweruka ndikubwera ndi basi ya m'mawa, mnzanga wavomera kusenza ntchito yekha. Mukakana, ndikhala pa benchi ya makasitomala mpaka mutatopa nane.

Ndine mwana wanu,
Mzime


1 Julayi

Mwana wanga chisamba,

Moni wochokera pa bedi la pafupi ndi zenera. Kaya wadzuka bwanji kunyumbako? Ndikulemba ndekha, mlongo wako wapita kukagonetsa anthu ena. Chotupa anachotsa, anandionetsa m'botolo, chinthu chonyansa ngati mbatata yowola. Akuti anachipeza nthawi ikadalipo. Adokotala asoka, koma bambo ako akanaona mzere wake akanasula n'kuyambiranso.

Ndikudziwa chimene ukufuna kumva, chifukwa pokwera basi unandinong'oneza kuti ndikakaona chilichonse ndidzakuuze. Sindikunamiza, mwana wanga, sindinaone kanthu. Ndinkasimba za suti ya aphunzitsi, ndinafika pamene mkwati ankatukwana ali m'kabudula, kenaka ndinangomva munthu akuti, "Amayi, amayi." Ine ndinati, "Kodi mwayamba?" Chipinda chonse kufa nazo. Mlongo wako yekha ndiye sanaseke. Maso ali psuu, chala chake chili pa mkono wanga pomwe anachiika poyamba paja. Anamwino akuti maola atatu onse ankangolankhula nane ngati wozungulira mutu.

Ndiye pabedi pano ndakhala ndikuganiza. Maola atatu amenewo ine kunalibe, sindinkamva, sindinkadziwa n'dzina langa lomwe. Koma pambali panga panali munthu akundiitana, ine osadziwa. Kusamva kwangako sikunamuchotsepo. Sindikuti ndapeza yankho. Mlongo wako akuti umenewo si umboni, ndipo takangana kale kawiri mpaka anamwino anatiuza kuti titsitse mawu. Mwana ameneyu ndi wouma mutu, sindikudziwa anatengera yani. Ine ndikungoti sindikudziwa, ndipo kusadziwa kwa lero kukundilola kudya.

Pali chimene ndinakubisira, ndipo undikhululukire. Bambo ako anandilonjeza kuti akakafika adzandidziwitsa popukusa gudumu la makina aja. N'chimene ndinkadikira pa mpando paja. Zaka zitatu kuli zii, ine ndinataya mtima, ndinawakwiyira, ndipo ndinayamba kukayika zonse zimene iwe umakhulupirira. Zambiri tidzakambirana ndikabwera, titakhala pansi ngati akuluakulu, osabisirana makalata.

Koma abale, ndinaiwala bwanji munthu amene ndinakhala naye zaka makumi anayi ndi ziwiri? Ndi liti anamalizapo chovala pa tsiku limene ananena? Mawa la bambo ako linali sabata zitatu, nthawi zina mwezi, anthu ankachita kutukwana pakhomo pathu. Koma palibe kasitomala amene anabwerera ndi nsalu yosasoka.

Vundukula makinawo, nsalu ya bediyo uchape. Kabotolo ka mafuta kali pa zenera, uzithira madontho awiri pa gudumu, osachulutsa. Ine sindidzakhalanso pa mpando paja tsiku lonse, ndili ndi zochita. Akadzafuna adzandipeza, nyumba akuidziwa.

Ndine mayi ako